DPT ya pa intaneti: zoti a mafizo mudziwe musanalipire ndalama iliyonse

Funso ili limandipeza pa WhatsApp pafupifupi mwezi uliwonse: "Akulu, ndaona yunivesite ina ya ku America ikuti ndingachite DPT pa intaneti ndili pantchito. Ndilembetse?" Ofunsawo ena ali ku Queens, ena ku Kamuzu Central, ena ku Lusaka, ena anapita kale ku Britain. Ndayankha kokwanira, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere. DPT ndi digiri ya mafizo ya ku America, Doctor of Physical Therapy. Maphunzirowa ndi enieni, ndipo ena mwa iwo ndi abwino kwambiri. Koma anawakonza pofuna kuthetsa vuto la a mafizo a ku America. Mukalowamo musanalimvetse vutolo, mutha kulipira ndalama zambiri pa pepala lomwe silikutsegulirani khomo limene mukulifuna.

1. Dziwani chimene mukugula

Kale ku America munthu ankayamba ntchito ya mafizo ndi digiri yoyamba, ngati mmene zilili kwathu. Kenako anakweza kukhala masters. Mu 1993 Creighton University inayamba kuphunzitsa ophunzira atsopano digiri ya Doctor of Physical Therapy, yomwe timangoti DPT. Mu 2000 bungwe la a mafizo kumeneko, APTA, linalengeza masomphenya ake a Vision 2020, oti pofika chakacho ntchitoyi izigwiridwa ndi anthu a DPT. Kuyambira 2016, CAPTE, bungwe lomwe limavomereza sukulu za mafizo ku America, limafuna kuti sukulu iliyonse yophunzitsa a mafizo atsopano izipereka DPT basi.

Tsono panatsala anthu ambirimbiri amene anali kale pantchito ndi laisensi zawo, koma ali ndi digiri yoyamba kapena masters. Awa ndi amene anawakonzera transitional DPT, mwachidule tDPT, ndipo sukulu zina zimaitchula post-professional DPT. Ntchito yake ndi kudzaza mipata: kuphunzitsa zimene digiri yakale inalibe, monga za mankhwala, kuwerenga ekisileyi ndi MRI, kuzindikira wodwala amene vuto lake si la mafizo, ndi kugwiritsa ntchito kafukufuku posankha chithandizo. Poti ophunzirawo ndi anthu apantchito, pafupifupi zonse zimachitikira pa intaneti, ndipo ambiri amamaliza pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu.

Pali zinthu ziwiri zimene tDPT siili, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Si laisensi. Mutha kukhala nayo m'manja koma osaloledwa kukhudza wodwala ku America. Komanso si PhD. Simuchita kafukufuku wazaka zambiri, ndipo sukulu zambiri siziiwerengera ngati digiri ya kafukufuku. Ngakhale CAPTE yomweyo imafuna kuti theka la aphunzitsi okhazikika pa sukulu ya mafizo likhale ndi digiri ngati PhD, EdD kapena DSc, ndipo DPT siilowa m'gulu limenelo.

2. Lembani papepala chifukwa chimene mukuifunira

Musadumphe sitepe iyi poiona ngati yachibwana. Tengani cholembera, mulembe chiganizo chimodzi: "Ndikamaliza ndikufuna kukhala pakuti, ndikugwira zakuti."

Ngati mwalemba kuti mukufuna kukagwira ntchito ku America, tDPT ingakuthandizeni ndithu, koma ngati gawo limodzi la ulendo wautali, ndipo sitepe 4 ndi yanu kuposa wina aliyense. Ngati mwalemba Britain, imani kaye. HCPC, bungwe lolembetsa a mafizo kumeneko, imayang'ana maphunziro amene munayambira ntchito ndi luso lanu, siifuna DPT, ndipo ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, malipiro amatsatira udindo umene mwalembedwa. Ndalamazo zingakupindulireni kwambiri pa masters ya mbali imodzi, monga ya mafupa ndi minofu kapena ya ubongo ndi mitsempha. Ku South Africa nakonso bungwe lawo lolembetsa a zaumoyo, HPCSA, limalembetsa anthu a digiri ya zaka zinayi.

Ngati mwalemba kuti mukufuna kuphunzitsa ku KUHeS kapena ku University of Zambia (UNZA) n'kumatsogolera kafukufuku, njira yanu ndi masters kenako PhD. Mayunivesite a ku South Africa a Wits, UCT, Stellenbosch ndi UWC onse ali ndi PhD ya mafizo, ndipo mabungwe ngati CARTA ndi Commonwealth Scholarships amathandiza anthu a ku Africa kuno pa maphunziro a kafukufuku. Ine zimandipweteka kuona mnyamata wanzeru, woti akanatilembera kafukufuku wa sitiroko m'midzi yathu, akuthera ndalama zake pa digiri imene siimufikitsa kumeneko.

Ndipo ngati mwalemba kuti mukufuna kungokhala wa mafizo wodziwa bwino ntchito yake konkuno, chifukwa chimenecho n'chomveka, ndipo ndichilemekeza. Koma musayembekezere kuti giredi yanu ikwera yokha. Funsani kaye kwa olemba ntchito anu, akuyankheni polemba, ngati digiriyi angaiwerengere pokweza munthu.

3. Fufuzani sukuluyo musanaikonde

Mawu amodzi amene muyenera kuwamvetsa ndi accreditation, kutanthauza kuti sukulu inayenderedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loyenera. CAPTE imavomereza maphunziro a ophunzira atsopano okha. Siivomereza tDPT iliyonse. Choncho wina akakuuzani kuti tDPT yawo ndi yovomerezedwa ndi CAPTE, mwina akunena za pulogalamu yawo ina, mwina akukunamizani. Chimene muyang'ane ndi chakuti yunivesite yonseyo ndi yovomerezedwa ndi limodzi la mabungwe odziwika monga HLC, MSCHE, NWCCU, SACSCOC, NECHE kapena WSCUC. Musakhulupirire chizindikiro chimene aika pa tsamba lawo. Lowani nokha pa tsamba la CHEA, bungwe lomwe limasunga mndandanda wa sukulu zovomerezedwa ku America, mulembe dzina la sukuluyo, muone.

Sukulu zimene zakhala zikudziwika ndi tDPT ndi monga University of Montana, A.T. Still University, Arcadia University ndi Utica University. Sindikukusankhirani. Mapulogalamuwa amasintha malamulo, ena amatsekedwa pamene a mafizo a digiri zakale ku America akucheperachepera, ndiye lembani imelo ku ofesi yolandira ophunzira mufunse izi: kodi mumalandira munthu amene ali ndi laisensi ya dziko lake lokha, kapena mumafuna ya ku America? Munthu wa digiri yoyamba amatenga makosi angati poyerekeza ndi wa masters? Pali masiku ofunika kufika pasukulupo? Makalasi ndi ojambuliratu kapena onse amakumana nthawi imodzi? Mumalandira lipoti la bungwe liti lounika mapepala? Mayankho asungeni. Foni imaiwalika, imelo imakhala.

Dziwaninso kuti maphunziro a pa intaneti okhaokha sapereka viza ya wophunzira. Amene akukulonjezani kuti tDPT ikupezetsani viza, musiyeni.

4. Kuunikitsa mapepala: pano ndiye pali ntchito

Malangizo ambiri amangoti "tumizani transcript yanu" n'kupitirira. Koma apa ndi pamene anthu amathera miyezi, ena chaka chathunthu, ena n'kugwa ulesi.

Ku America kulibe laisensi imodzi ya dziko lonse. State iliyonse ili ndi bodi yake ndi malamulo ake. Musanaloledwe kulemba mayeso a laisensi otchedwa NPTE, bodiyo imafuna umboni woti maphunziro anu akufanana ndi a wophunzira wa kumeneko. Umboniwo umachokera ku mabungwe ounika mapepala, ndipo lodziwika kwambiri ndi FCCPT ya ku Alexandria, Virginia. Iwo amagwiritsa ntchito fomu yotchedwa Coursework Tool, kapena CWT, yomwe eni ake ndi FSBPT, bungwe lomwe limayendetsanso NPTE. Fomuyi ili ndi mndandanda wa zonse zimene wa mafizo ayenera kuti anaphunzira, ndipo wounikayo amatenga mapepala anu n'kumachonga mzere ndi mzere: izi zilipo, izi palibe. Pali ma CWT angapo malinga ndi zaka. State zina zimagwiritsa ntchito yogwirizana ndi chaka chimene munamaliza sukulu, zina zimafuna yatsopano kwa aliyense. N'chifukwa chake muyenera kusankha state musanapemphe lipoti.

Wounikayo sakudziwani, sanafikepo ku Blantyre, ndipo sachonga chimene sichinalembedwe. Transcript yathu nthawi zambiri imangoonetsa dzina la kosi ndi malikisi. Iye akufuna maola: a m'kalasi angati, a mu labu angati, a m'chipatala angati. Akufunanso silabasi ya zaka zimene inu munali pasukulu, osati ya lero. Tiyerekeze kuti munaphunzira kusamalira zilonda ndi akupsa mkati mwa kosi ya opaleshoni, ndipo munathera masabata mu wodi ya akupsa ku Queens mukuwongola zala za mwana amene anagwera pamoto. Ngati silabasi siitchula khungu ndi zilonda, pa fomu alemba kuti simunaphunzire. Zimapweteka, koma ndi mmene zimayendera. Choncho musanatumize kanthu, tsitsani CWT pa tsamba la FSBPT, mukhale nayo pansi pamodzi ndi silabasi yanu, muchonge nokha ndi pensulo. Pamene mukuona kuti munaphunzira koma sizikuoneka, pitani ku dipatimenti mukapemphe kalata yofotokoza zimene zinali mu kosiyo. Musawapemphe kuti awonjezere zimene simunaphunzire. Zikadziwika, mwadzitsekera khomo nokha, ndipo mwaipitsira mbiri anzanu onse obwera pambuyo panu.

Maola a m'chipatala awerengeni mosamala. CAPTE imafuna kuti wophunzira wa DPT akhale m'chipatala masabata osachepera 30, tsiku lonse, akuyang'aniridwa ndi wa mafizo. Amene amawerengedwa kwa inu ndi maola a nthawi imene munali wophunzira. Zaka zimene mwagwira ntchito mutamaliza sukulu, ngakhale zikhale khumi, sizilowa zokha m'malo mwake. Ngati logbook yanu ikadalipo, isungeni bwino.

Mapepala sadutsa m'manja mwanu. Sukulu imatumiza yokha ku bungwe lounikalo, ndipo Medical Council of Malawi, kapena HPCZ kwa anzathu a ku Zambia, imatumiza yokha umboni wa laisensi yanu. Envulopu imene mwaitsegula inu kapena kuitumiza nokha amaikana. Kwa amene munaphunzira ku College of Medicine, komwe digiri ya mafizo inayamba mu 2010, kumbukirani kuti mu 2021 sukuluyi inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala gawo la KUHeS. Satifiketi yanu ikhoza kukhala ndi dzina lina, chidindo cha pa kalata n'kukhala ndi lina. Pemphani kuti m'envulopumo aikemo kalata yofotokoza kusinthaku, kuti wounika asaimitse fayilo yanu podabwa. Chimodzimodzi ngati dzina lanu linasintha pa ukwati, kapena ngati pasipoti inalemba Chimwemwe pamene satifiketi inalemba Chimwemwe Grace. Konzani zimenezi poyamba ndi kalata yolumbirira. Ndipo pitani nokha ku ofesi, mwaulemu, mudziwe dzina la amene akugwira fayilo yanu, mulipire DHL kapena kampani ina yoti muzitha kulondola katunduyo. Kungotumiza imelo n'kukhala chete kudikira sikuyendetsa pepala.

Lipoti likabwera, kawirikawiri limakhala ndi mipata. Musakhumudwe, anthu ambiri ophunzira kunja kwa America zimawachitikira. Mipata ina imakhala ya maphunziro wamba, monga Chingerezi, saikoloje kapena masamu, chifukwa wophunzira wa ku America amayamba wachita digiri ina yazaka zinayi asanalowe DPT. Ina imakhala ya ntchito yeniyeni, monga za mankhwala kapena zithunzi za ekisileyi. Tsopano apa ndi pamene tDPT imalowera. Tengani lipotilo, mulitumize ku sukulu zimene munasankha, mufunse kuti ndi makosi ati awo amene amatseka mipata yanuyo. Mutha kupeza kuti tDPT ikutseka ya mankhwala ndi ya zithunzi koma siikhudza ya maphunziro wamba, ndipo imeneyo muitseka ndi makosi ena apadera.

Cholakwika chachikulu chimene ndimachiona ndi kuyamba ndi tDPT, kulipira, kumaliza, kenako n'kukaunikitsa mapepala, n'kupeza kuti mipata ikadalipo. Yambani ndi lipoti, sukulu ibwere pambuyo. Ndipo mukatseka mipata yonse, kutsogolo kukadali mayeso a Chingerezi a TOEFL, NPTE yomwe muyenera kupeza 600 pa sikelo yofika 800, komanso satifiketi ya a zaumoyo yofunika pa viza. NPTE simungailembe koposa kasanu ndi kamodzi moyo wanu wonse, ndiye si mayeso olowa mongoyesa. State zina zimafunanso kuti muyambe mwagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi ingapo.

Amene simukupita ku America, sitepe iyi ikupepukirani. Sukulu ingofuna lipoti losonyeza kuti digiri yanu ikufanana ndi iti ya kumeneko. Komabe funsani kuti lichokere ku bungwe liti musanalipire.

5. Werengani ndalama zonse, m'madola

Fizi ya tDPT ndi madola masauzande angapo, ndipo pamwamba pake pali ndalama ya lipoti, TOEFL, mabuku, kutumiza mapepala ndi intaneti. Ngongole za ophunzira za boma la America si za ife. Malipiro anu ali m'makwacha, fizi ili m'madola, ndipo tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene anayamba maphunziro akuganiza kuti ndalama zake zikwana anadzuka m'mawa zitachepa pafupifupi theka.

Pitani kubanki yanu musanalembetse, mukafunse kuti pempho la forex ya fizi limafuna mapepala ati ndipo limatenga nthawi yaitali bwanji. Sukulu ya ku America siidikira. Tsiku lolipira likadutsa, amakutsekerani kalasi. Sankhani sukulu yolola kulipira kosi imodzi imodzi, ndipo funsani ngati mungapume temu imodzi osachotsedwa. Ngati muli ndi m'bale kunja amene angamalipire inu n'kumamubwezera, gwirizanani polemba, chifukwa ndalama zotere zadanitsapo abale. Nyumba kapena munda musagulitse chifukwa cha digiri iyi.

6. Konzani nthawi, magetsi ndi netiweki

Kalasi ikamayamba 7 koloko madzulo ku Pennsylvania, kwathu imakhala 1 koloko usiku, ndipo miyezi yawo yozizira imakhala 2 koloko. Ku Arizona tasiyana nawo maola 9 chaka chonse. Walira mvula walira matope: ngati mwasankha pulogalamu yokumana nthawi imodzi, mudzaphunzira pakati pa usiku, m'mawa n'kukaima pa wodi. N'chifukwa chake kwa ife makalasi ojambuliratu ndi abwino. Tsiku lopereka ntchito liwerengeni pa nthawi yawo, mulilembe pa nthawi yathu.

Mayeso ambiri amakuonerani pa kamera, ndipo netiweki ikaduka pakati mumayenera kufotokoza. Khalani ndi laini ya Airtel ndi ya TNM zonse zili ndi bandulo, laputopu ya batire yolimba, ndi malo ena oti muthawireko magetsi akazima. Auzeni aphunzitsi sabata yoyamba kuti muli ku Malawi ndipo magetsi amavuta. Ambiri amamvetsa mukanena msanga. Kunyumba nakonso kambiranani, chifukwa Loweruka lanu lambiri lipita, ndipo pa maliro ndi maukwati ena mudzangopereka chipepeso kapena mphatso n'kubwerera ku mabuku.

7. Phunzirani ndi odwala anu m'maganizo

Makosiwa analembedwa poganizira wodwala wa ku America, wa inshuwalansi, amene MRI ali nayo pafupi. Zina, monga malamulo a Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma lawo, mudzangophunzira kuti mukhoze. Koma kosi ya kuzindikira matenda obisala, imene amaitcha differential diagnosis kapena medical screening, imeneyo igwireni ndi manja awiri. Kumeneko anaiika chifukwa odwala amatha kufika kwa wa mafizo osadzera kwa dokotala. Kwathu chifukwa chake n'chachikulu kuposa pamenepo. Bambo abwera ndi kapepala kolembedwa "low back pain, for physio". Mukawafunsa bwino, akuti msana umawawa kwambiri usiku, thupi latsika, amatuluka thukuta pogona, ndipo miyendo yayamba kulemera. Mukagogoda pa fupa la msana, adumpha. Amenewo si a mafizo lero. Ikhoza kukhala TB ya msana, ndipo kuwabweza msanga kwa dokotala ndi kalata yomveka kungawapulumutse ku kufa miyendo. Chimodzimodzi kosi ya mankhwala: mudzayamba kufunsa mayi wa dzanzi kumapazi ngati ali pa mankhwala a TB, a shuga kapena ma ARV, ndi kumvetsa chifukwa chimene agogo a BP amachitira chizungulire mukawaimitsa msanga. Pa zonse za mu tDPT, izi ndi zimene ine ndimaziona kuti n'zoyenera ndalama yake.

Kumapeto mapulogalamu ambiri amafuna capstone, yomwe nthawi zambiri imakhala lipoti la wodwala mmodzi kapena kusanthula kafukufuku amene alipo kale. Sankhani nkhani ya kwanu: mwana wopuwala pambuyo pa malungo a mu ubongo, wa kabaza wothyoka mwendo, mayi wa sitiroko amene kwawo n'kutali ndi chipatala. Pemphani chilolezo cha wodwala polemba, m'chinenero chimene amamva, ndipo dzina, mudzi ndi nkhope zisaoneke. Ngati mukutolera zambiri za odwala angapo, chilolezo cha sukulu ya ku America sichikwanira. Pitaninso ku komiti yovomereza kafukufuku, ya ku KUHeS kapena ya boma ya NHSRC, ndipo yambani msanga chifukwa makomitiwa ali ndi masiku awo okumana. Mawu a munthu wina musawakope osamutchula. Sukuluzi zimadutsitsa ntchito iliyonse pa makina ofufuza zokopera, ndipo chilango chake chimafika pochotsedwa.

8. Mukamaliza

Tengani satifiketi ndi transcript mupite nazo ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba ku Malawi, kuti akaziunike, a ku Zambia ku ZAQA, a ku South Africa ku SAQA, kenako mukadziwitse bungwe limene linakupatsani laisensi. Digiriyi siikuwonjezerani mphamvu yolemba mankhwala kapena kuchita zimene laisensi yanu siilola. Pa chidindo ndi pa baji lembani dzina lanu ndi zilembo PT, DPT, ndipo mukadzitchula dokotala muzinena kuti ndinu wa mafizo, kuti wodwala asasiye mankhwala ake poganiza kuti waonana kale ndi dokotala wa matenda ake. Makope a silabasi, lipoti la FCCPT ndi maimelo onse a sukulu asungeni pa Google Drive ndi papepala pomwe, chifukwa bodi ina ikhoza kudzawafunanso mukasamukira state ina.